Inveta Yotentha Thupi Nthawi ya Khofi

Velichko Dandanov anagwira ntchito ya magetsi pafakitale yophika matimati ya m'mbali mwa mtsinje wa Maritsa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo pa makina onse a pamenepo ankalemekeza amodzi okha: inveta yoyendetsa mota ya lamba wosankhirapo matimati. Inkakhala m'kabati yachitsulo yotuwa kuseri kwa lambayo, ndipo iye ankaitchula kuti Adona. Ukamufunsa chifukwa, ankati pafakitale yonseyo ndi Adona okha amene ankadziwa kukana. Mota ikakoka magetsi mopyola muyeso, ankakana. Waya akasupuka magetsi n'kuthawira kuchitsulo, ankakana. Akatenthedwa, ankayamba ayatsa kagetsi kachikasu kochenjeza ntchito ikupitirira, ndipo akaona kuti palibe wowamvera ankayatsa kofiira, kulemba nambala ya vutolo pakagalasi kawo, n'kuimitsa lamba. Zikatero, kaya ukuwe, kaya utukwane, kaya udine batani mpaka chala chipindike, Adona sankadzuka asanazizire.

Chaka chimenecho matimati anabereka ngati akupikisana. Pofika pakati pa Ogasiti malole ankafola kuyambira pageti mpaka kumsewu wa ku Plovdiv, madzi ofiira akudontha pansi, mavu akuchita phwando. Woyang'anira ntchito watsopano, Lachezar, bambo wovala malaya osita ngakhale kutenthe chotani, anayang'ana mzere wa malolewo, anayang'ana wotchi, n'kulengeza kuti kupuma kwa teni koloko kwathetsedwa mpaka matimati atatha. Amayi khumi ndi awiri osankha matimati palamba aziima kuyambira sikisi koloko m'mawa mpaka wani koloko masana. Wofuna khofi amwere kwawo asanabwere.

Mtsogoleri wa amayiwo, ngakhale panalibe amene anamusankha, anali Tsonka, mkulu wake wa Gergina, mkazi wa Velichko. Anali mayi wamfupi, wamapewa otambalala, wamawu opyola phokoso la makina. Anamvetsera lamulo la bwana mpaka kumapeto, n'kungoti, "Chabwino, bwana." Velichko atamva kuti mlamu wake wayankha mawu awiri okha, anadziwa kuti kukubwera zinthu. Sanaganize kuti zibwerera kumbali yake.

Lachinayi la sabata yomweyo, nthawi itangopitirira teni koloko, mbali ya kulamba kunangoti zii. Lachezar analowa m'kachipinda ka zida ka Velichko osagogoda.

"A Velichko, lamba waima!"

"Ndamva, bwana. Akaima amamveka kuposa akamayenda."

"Nanga mwakhaliranji pampando?"

"Ndikufuna magalasi. Popanda magalasi Adona sindiwamva."

Anakapeza kagetsi kofiira kali psuu, pakagalasi pali nambala 14. Kutentha. Atatsegula kabati, mpweya unamuwomba kumaso ngati watsegula uvuni.

"Atenthedwa, bwana. Zitsulo zam'kati zafika madigiri 90. Tiwadikire azizire."

"Dinani batani."

Velichko anadina, kuti mtima wa bwana ukhale m'malo. Kagetsi sikanaphethire n'komwe.

Potembenuka anaona amayi aja atakhala kale pamakireti, fulasiki ili pakati, banitsa, chitumbuwa cha tchizi, itadulidwa kale zidutswa khumi ndi ziwiri, aliyense kapu ili m'manja. Anadabwa pang'ono kuti anthu oti kupuma kwawo kunathetsedwa abwera ndi makapu okwana, koma maganizo ake anali pa Adona.

Lachisanu zinachitikanso. Velichko anatsuka sefa ya pakhomo lolowera mpweya. Loweruka zinachitikanso, ndipo anasintha fani yoziziritsa, kuika yatsopano. Lolemba, teni koloko itangokwana, nambala 14 inabwera ngati yalipidwa.

Apa zinamupweteka mumtima, chifukwa anthu anayamba kumufunsa pakantini ngati magalasi ake akufunika kusintha. Anakhala pachitini kutsogolo kwa kabati n'kuyamba kuwerenga mbiri. Adona ankasunga madandaulo awo onse, tsiku lake, ola lake, ndi kuchuluka kwa magetsi amene mota inkakoka pa nthawiyo. Mota sinkakoka zachilendo. Kutentha kunkayamba kukwera cha m'ma 9:20 tsiku lililonse, pang'onopang'ono, mpaka kufika pokana. Masana, denga la malata likamawotcha mpaka anthu kudzithira madzi m'khosi, Adona ankagwira ntchito ali phee. Ndipo Lamlungu, pamene palamba panali gulu lina la amayi, sanadwale n'komwe.

"Adona," anatero chapansipansi, "matenda anuwa akudziwa wotchi, akudziwanso kalendala. Wakupatsirani ndani?"

Lachiwiri, naini koloko itakwana, anakabisala kuseri kwa mulu wa mabotolo opanda kanthu, pomwe ankatha kuona kabati bwinobwino. Sanadikire nthawi yaitali. Tsonka anachoka palamba ngati akupita kuchimbudzi, anavula epuloni yake yapulasitiki, n'kuikoleka pakamsomali kamene kanali pamwamba pa khomo lolowera mpweya. Fani yatsopano ija, yamphamvu kuposa yakale, inaikoka epuloniyo n'kuimata pasefa kuti phaa. Tsonka anaisalaza ndi dzanja ngati akuyala bedi, anatulutsa epuloni ina m'chidebe, anavala, n'kubwerera kuntchito akuimba kanyimbo. Patapita mphindi makumi anayi kagetsi kofiira kanayaka, ndipo anthu onse akuyang'ana kulamba, Bonka, mayi wonenepa woima kumapeto, anadutsa pakabati n'kuichotsa epuloni ija osaima n'komwe.

Nthawi ya chakudya Velichko anamupeza mlamu wake pansi pa mpesa wa kuseri kwa kantini, akudya buledi ndi tchizi.

"Alamu, epuloni yanu yauma bwino?"

Tsonka sanasiye kutafuna. "Iti? Ndili nazo ziwiri."

"Ndikudziwa kuti muli nazo ziwiri. Ndikufunsa imene imatseka Adona mphuno."

"Iii, alamu! Mwayamba kubisalira akazi kuseri kwa mabotolo? Pamsinkhu wanuwo?"

"Musandisinthire nkhani. Anakuphunzitsani ndani zimenezi?"

"Inuyo." Anameza, n'kupukuta pakamwa. "Chaka chatha Bonka anayanika epuloni pamenepo osadziwa kanthu. Lamba anaima. Inu munabwera, munasintha sefa, n'kumadzitama sabata yonse kuti mwakonza. Ine ndinangosunga mumtima kuti mwina tsiku lina zidzathandiza."

Velichko anakhala pabenchi n'kuyesa kulankhula ngati munthu wa ntchito yake.

"Alamu, si masewera amenewa. M'kati mwa Adona muli timigolo tosunga magetsi, ndipo kutentha kumatiumitsa pang'onopang'ono. Tsiku lililonse mukuwadula moyo. Tsiku lina sadzadzukanso, ndiye tidzadikira ena kuchokera ku Sofia masabata atatu, matimati akuwolera m'malole."

"Pitani mukaone miyendo ya Bonka," anatero Tsonka, ndipo ulendo uno sanali kuseka. "Ikamafika leveni koloko imakhala itatupa ngati mabotolo a malita atatu. Adona anu akatopa ali ndi kagetsi kachikasu, ali ndi kofiira, ali ndi inu wowasisita. Ife tiyatse chiyani?"

Velichko anati, "Komabe ndiyenera kukanena kwa bwana."

"Kaneneni. Nanenso pobwerera ndidutsira kwa mng'ono wanga, ndikamufunse ngati dokotala wa mtima uja anasintha maganizo pa za fodya. Chifukwa kuseri kwa boyila kuja ndimaonako utsi wina wosachokera m'boyila."

Mavu ankazungulira tchizi.

"Kamodzi kokha patsiku," anatero Velichko pomaliza. "Ndipo kofiira kakangoyaka, epuloni izichoka pomwepo."

"Imachoka kale."

"Ndipo kapu yanga izikhalapo. Masipuni awiri a shuga."

"Imodzi. Mtima wanuwo."

Kuyambira tsiku limenelo makapu anakhala khumi ndi atatu. Kunena zoona, epuloni ikachoka Adona ankazizira m'mphindi zisanu ndi ziwiri. Koma akazizira sankadzuka okha. Ankadikira munthu adine batani, ndipo munthuyo anali Velichko. Ankafika pang'onopang'ono, kutsegula kabati, kuunika ndi tochi, kuika khutu pachitsulo, kuyeza mawaya osafunika kuyeza, kupukusa mutu, kenako n'kukaima pambali ndi kapu yake, nkhope ili ngati ya dokotala wodikira kuti mankhwala agwire ntchito. Mphindi zinkakwana makumi awiri. Anapeza kuti ntchito imeneyi akuidziwa bwino, ndipo ikumukomera kuposa mmene inkayenera.

Lachezar anayamba kuonda. Tsiku lina anamutsekereza Velichko pamakwerero.

"Chotsani chitetezo chimenecho. Kagetsi kazingoyaka, lamba aziyenda."

"Sichichoka, bwana. Amene anapanga Adona ankadziwa kuti kudzabwera mabwana."

"Ndiye kwezani malire. Ikani madigiri 120."

"Pa 120 tidzaphikira pamodzi matimati ndi inveta yomwe."

"Mafakitale ena sizichitika zimenezi!"

"Mafakitale ena sali pafupi ndi mtsinje. Kuno chinyezi chake n'china. Komanso magetsi a m'mawa amabwera okhuthala, bwana. Akamafika masana ndi pomwe amasungunuka."

Lachezar anaphunzira za zakudya, osati za magetsi, koma sanali wopusa. Anamuyang'ana mdalayo nthawi yaitali. Loweruka pomaliza ntchito anatenga mu ofesi buku la malangizo a inveta, lonenepa ngati njerwa, n'kupita nalo kwawo. Lamlungu lonse anawerenga, ndipo anapeza tsamba lonena kuti inveta ikhoza kuuzidwa kuti vuto likatha izidzuka yokha, osadikira chala cha munthu. Pansi pa tsambalo panali chenjezo lazilembo zakuda. Sanafike pamenepo. Lolemba analawirira anthu asanafike, anatsegula kabati ndi kiyi wake, anasintha nambala imodzi, n'kutseka. Sanauze aliyense. Ankafuna kuona nkhope zawo.

Tsiku limenelo kagetsi kofiira kanayaka teni itapitirira ndi mphindi zisanu ndi imodzi. Makireti onse anali odzaza matimati, choncho amayi ena anakhala pazidebe, ena pansi. Tsonka anayala katoni palamba, chakumapeto kwake, n'kukhalapo atapinda miyendo ngati mfumukazi.

"Alamu, tsikanipo pamenepo," anatero Velichko, koma m'kamwa munali banitsa, ndipo mawuwo sanatuluke ngati lamulo.

"Adona agona. Sadzuka mpaka inu muwadine."

Ndiye Tsonka anayamba kuyerekezera bwana. Anatukula dzanja kuyang'ana wotchi yomwe analibe, anakwinya mphumi, n'kuchepetsa mawu: "Amayi, tomato aliyense amene wagwa pansi ndi misozi ya fakitale!" Amayi anagwa nako kuseka. Palibe amene anayang'ana m'mwamba, pawindo la ofesi, pomwe mwini mawuwo anaima ataika manja m'thumba.

Velichko ndiye anayamba kumva. Kaphokoso kowonda, tswiii, kamene Adona ankachita akamadzutsa mota. Anacheuka. Kagetsi kofiira kanali katazima kokha.

Adona sankadzidzimutsa lamba. Ankamuyambitsa mofatsa, kenako n'kumawonjezera liwiro. Choncho Tsonka anayamba kuyenda ali pakati pa chiganizo, kapu m'manja, katoni yake ili pansi pake, ndipo ataona anzake akutsalira m'mbuyo anawafunsa mokwiya, "Nanga inu mukupita kuti ine ndikulankhula?"

Kumapeto kwa lamba kunali thanki yotsukiramo matimati, madzi ofika m'chiuno. Mbali ina ya thankiyo kunali chikepe cha mapale achitsulo chokweza matimati kupita nawo kumakina ophwanyira, ndipo chimenecho chinali ndi mota yakeyake imene sinaime.

Velichko anaponya kapu. Anali asanathamange kuyambira chaka chimene mwana wake wamkazi anakwatiwa, koma anathamanga, mawondo akulira, n'kudziponya pachingwe chofiira changozi chimene chinkayenda m'mbali mwa lamba. Anakoka ndi thupi lonse. Makina onse a mzere umenewo anangoti gwa. Lamba anaima, koma Tsonka, amene anali atafika kale kumphepete, sanaime. Anapendekeka, miyendo m'mwamba, n'kumveka kuti khuvuu.

Anavuuka akulavula madzi, chipewa chake choyera chitapendekera kukhutu, tomato mmodzi atakhala paphewa. Kapu inali ikadali m'dzanja, yodzaza madzi a m'thanki. Anaiyang'ana, anayang'ana anzake, n'kunena kuti, "Wathira madzi m'khofi wanga ndani?"

Amayi anaseka mpaka ena kugona pansi. Bonka ankalira misozi, akumenya chidebe. Koma Velichko sanaseke. Anali akadagwira chingwe chija, maso ali pamapale achitsulo amene anaima mkono umodzi kuchokera pomwe mutu wa mlamu wake unavuukira. Mmodzimmodzi amayi anatsata maso ake, ndipo kuseka kunatha kokha.

Velichko anapita pakabati, anazimitsa swichi yaikulu ya mota, anakolekapo loko, kiyi n'kuika m'thumba. Kenako anayang'ana pakagalasi mzere ndi mzere mpaka anapeza pomwe pankayenera kukhala 0 pali 1. Lachezar anali atatsika kale makwerero, nkhope yake yoyera ngati malaya ake.

"Bwana. Alamu. Kuchipinda kwanga. Pompano."

Pazaka zonsezo panalibe amene anamumvapo Velichko akulamula munthu. Onse awiri anamutsatira, Tsonka akusiya mzere wa madzi pansi.

Velichko anamupatsa mlamu wake ovolosi yake yakale kuti avale kuseri kwa shelefu, ndipo anatulukako atapinda miyendo ya ovolosiyo katatu. Velichko anatseka chitseko.

"Makiyi a kabati ali ndi anthu awiri, bwana. Wanga uli apa."

Lachezar anati, "Buku likuloleza."

"Buku likuloleza pamapampu a kumunda, komwe kulibe munthu! Osati palamba amene manja makumi awiri ndi anayi amakhala pomwepo! Munawerenga pansi pa tsambalo? Pakanakhala kuti wina walowetsa dzanja pansi pa lamba kuchotsa tomato wokanirira? Pakanakhala kuti ndine, mutu uli m'mota? Makina akaima chifukwa cha vuto, amene amawadzutsa ndi munthu, atayang'ana kaye kuti anzake ali kuti. Akanapita kukauza Gergina ndi inuyo?"

Lachezar anakhala pachitini. "Sindinaganize," anatero. "Mayi Tsonka, pepani. Sindinaganize n'komwe."

"Hmm," anatero Tsonka, akufinya tsitsi.

Kenako bwana anadzutsa mutu pang'onopang'ono, ndipo magazi anayamba kubwerera kumaso kwake.

"Koma pali zina zimene ndaona ndili pawindo paja. Ndinayang'ana wotchi. Lamba wadzuka patatha mphindi zisanu ndi ziwiri. Zisanu ndi ziwiri, a Velichko. Masabata awiri onsewa mwakhala mukundiuza makumi awiri."

Velichko anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. "Lero magetsi anabwera osakhuthala kwambiri."

"Ndaonanso mayi Bonka akuchotsa epuloni pakabati. Epuloni yabuluu, yolembedwa dzina ndi penti." Anatembenukira kwa Tsonka. "Mukufuna ndinene dzinalo?"

"Ndimaiyanika," anatero Tsonka. "Pali lamulo loletsa kuyanika?"

"Ndipo mawu anga si owonda chomwecho."

"Ndi owonda, bwana. Funsani aliyense."

Anayang'anizana atatuwo m'kachipinda konunkha girizi, aliyense atagwira mnzake pakhosi, popanda woti n'kufinya osafinyidwa. Panja madalaivala a malole anayamba kuliza mahutala. Ndipo pansi pa phokoso limenelo anamva ndodo ikugogoda simenti, ikubwera.

Anali a Nedyalkova, eni fakitale, mayi wamasiye wa zaka makumi asanu ndi awiri amene nyumba yake inali kuseri kwa mpanda. Anayamba ntchito imeneyi ndi mphika umodzi pabwalo, ndipo iwonso anaimapo palamba zaka zambiri. Anakankha chitseko ndi ndodo, anayang'ana Tsonka m'ovolosi, anayang'ana madzi ali pansi.

"Ndikumva kuti tayamba kutsuka antchito pamodzi ndi matimati."

"Ndinaterereka, mayi," anatero Tsonka.

"Anaterereka," anatero Lachezar.

"Pansi paja m'poterera," anatero Velichko.

"Nanga lamba wanga akumaimiranji tsiku lililonse?"

Velichko anavala magalasi. Anafotokoza kuti inveta yakalamba, kuti nyengo ya matimati imailemera, ndi kuti njira yabwino yoisamalira n'kuipumitsa dala teni koloko isanafike podwala. Anayang'ana Lachezar.

"Zili m'buku," anatero Lachezar, akuyang'ana denga. "Ndawerenga Lamlungu lonse."

A Nedyalkova anatsamira ndodo yawo. Anayang'ana nkhope zitatuzo imodziimodzi, osafulumira.

"Inveta imeneyi," anafunsa, "imamwa khofi wa masipuni angati a shuga?"

Kenako anatembenukira kwa Lachezar.

"Lachezar, ukanandifunsa usanachotse kupuma kuja ndikanakuuza kuti mayi wotopa amadutsitsa tomato wowola, ndipo tomato wowola mmodzi amanunkhitsa mphika wonse. Koma iwe sufunsa. Tsonka, iwe ukadzakhudzanso makina anga ndidzakumiza ndekha. Kupuma kubwerere. Mphindi khumi ndi zisanu." Atafika pakhomo anacheuka. "Khumi ndi zisanu, Velichko. Osati makumi awiri."

Masana omwewo Velichko anabwezera 0 pamalo pake, n'kutseka manambala onse ndi mawu achinsinsi amene sanauze munthu. Anazula kamsomali kaja, n'kuwotcherera khola la waya kuzungulira khomo la mpweya kuti pasadzamatenso kanthu. Anaika lamulo lakuti lamba akaima pa chifukwa chilichonse, loko azikhala paswichi asanayandikire munthu, ndipo Lachezar analilemba papepala n'kusaina yekha. Tsonka anayenda tsiku lonse m'ovolosi, akukana kuvula, akuti ili ndi matumba ambiri kuposa diresi.

Masabata awiri anadutsa mwamtendere. Teni koloko Velichko ankaimitsa lamba ndi dzanja lake, amayi ankakhala, miyendo ya Bonka ankaisanjika pakireti. Lachezar poyamba ankaima patali ndi wotchi yake. Tsiku lachinayi wina anamupatsa kapu, ndipo anamwa ali chiimire.

Ndiye Lachitatu lina mu Seputembala, hafu pasiti teni, anthu atangobwerera kumene kuntchito, lamba anaima. Kagetsi kachikasu sikanayambe kayaka. Kanangobwera kofiira, ndi nambala 23: magetsi akuthawira kuchitsulo. Limeneli linali vuto lenileni, loti Adona akanapanda kukana, munthu wogwira chitsulo cha lamba ndi manja onyowa akanauma pomwepo.

Anakoleka loko, anatenga zida, n'kukwawira pansi pa lamba. Kunali matope a matimati ophwanyika, kununkha chowawasa, madzi akumudonthera m'khosi. Anayeza mota, inali bwino. Anayamba kutsata waya chikhato ndi chikhato, atagona chagada.

Patapita theka la ola nkhope ya Lachezar inasuzumira pansipo.

"A Velichko," ananong'ona, "ingondiuzani. Akufuna chiyani ulendo uno?"

"Palibe akufuna kanthu, bwana. Waya wasupuka penapake."

"Eya, eya. Wasupuka. Koma ngati ndi za mafani a m'denga aja, auzeni kuti ndaitanitsa kale."

"Bwana, ndikulumbira, ndi vuto lenileni!"

"Ndamva," anatero Lachezar, n'kumutsinzinira diso, n'kuchoka.

Litatha ola lachiwiri kunabwera nkhope ya Bonka, ndi mbale.

"Achimwene, Mulungu akudalitseni. Mwadziwa bwanji kuti lero msana wandivuta?"

"Sindinadziwe kanthu! Chokaniko, mukundiphimba kuwala!"

Mbale ija Bonka anaisiya pambali pa mutu wake.

Velichko anapeza vutolo patatha maola atatu, pakona pomwe waya ankakhuzana ndi chitsulo chonjenjemera kwa zaka zambiri mpaka chikopa chake kutha. Anadula chidutswacho, analumikiza watsopano, n'kutuluka chokwawa akukankha mbale ija, ofiira kuyambira kumutu mpaka kumapazi, msana ukukana kuwongoka. Amayi khumi ndi awiri, opuma bwino, anamuwombera m'manja. Iye anatukula chidutswa cha waya chija, chakuda, chopsa, mkuwa uli pamtunda.

"Onani! Onani ndi maso anu! Mukuona kupsaku?"

Tsonka anachilandira, anachitembenuza uku ndi uku, anachinunkhiza, n'kugwedeza mutu moyamikira.

"Alamu, koma ndinu katswiri. Mwachiwotcha bwino ngati zenizeni."

Velichko anayang'ana nkhope zonse zikumwetulira, anayang'ana bwana pawindo akumukwezera chala chachikulu. Anawerenga anthu, onse khumi ndi awiri ali kutali ndi lamba, anachotsa loko, anadina batani. Kenako anakatenga mbale ya Bonka mavu asanaimalize.